Timawaya pa Msana wa Atsibweni

Ntchito yonyamula matumba ndinaiphunzira kwa atsibweni anga, mlongo wawo wa mayi. Sukulu itandikanika, ndiwo anakanditenga kumudzi kwathu, kumapiri a ku Ntchisi, n'kudzanditula pa depoti ina ya chimanga ndi soya pa Mponela, m'mbali mwa msewu waukulu. Anauza kapitawo kuti, "Uyu ndi mwana wa mlongo wanga. Akachita ulesi mundiuze." Kapitawoyo sanavutike n'kundiyang'ana nkhope. Anandiyang'ana khosi ndi miyendo, n'kunena kuti ndiyambe mawa lake.

Pa depotipo ntchito inali ndi mwambo wake. Lole ikaima, anthu awiri ankaima pa mulu wa matumba. Amenewa ndiwo osenzetsa. Ankawerama, kugwira thumba m'makona, wina uku wina uku, kulizunguza kamodzi n'kuliponya pamutu pa munthu. Enafe, osenza, tinkayenda pamzere: kulandira thumba, kukwera nalo thabwa, kulitula m'lole, kutsika, n'kubwerera kumapeto kwa mzere manja ali lende. Lamulo lalikulu linali lakuti munthu imvi zikamera sasenzanso. Anyamata ankagwirizana, n'kupita kwa iye zipewa zili m'manja, kukamuuza kuti, "Bambo, mwatisenzera mokwanira. Kaimeni pa mulu." Mkuluyo ankayamba wakana kaye, chifukwa kuvomera msanga n'kupanda ulemu. Akamukakamiza ankavomera, ndipo gulu lonse linkamwa thobwa.

Kuima pa mulu tinkakuona ngati kupuma. Wosenzetsa sakwera thabwa logwedera lija, sapita kutali, ndiye amayambitsa nyimbo, ndipo pachakudya ndiye amayamba kusamba m'manja. Tsiku limene atsibweni anapatsidwa malowo ine ndinanyada kuposa eni ake. Anali mkulu wa mpingo, munthu wosaseka pachabe, ndipo kuyambira chaka chimenecho ankagwira ntchito atavala malaya, mabatani onse otseka, ngakhale dzuwa la mwezi wa Okutobala likuswa mtengo. Enafe tinali mimba pamtunda. Tinkangoti ndi ulemu wa kutchalitchi.

Chaka china, titangokolola, mphepo yozizira ikuwomba fumbi mumsewu, kunabwera alendo awiri ochokera ku sukulu ina yaukachenjede ya m'tauni. Wina anali mayi wachitsikana wovala nsapato za mphira, wina bambo wamagalasi wonyamula kompyuta. Mwini depoti anawalola kuti akhale nafe masiku angapo. Anati akufuna kuyeza misana yathu.

Nkhaniyi inayenda pamzere ngati moto wa m'tchire. Wina anati ndi opopa magazi. Wina anati timawaya tawoto timayamwa mphamvu za kunyumba, ndipo akatimata akazi athu adzatithawa. Kapitawo anamuyankha kuti, "Iwe wako anakuthawa kale wopanda waya." Tinaseka, koma aliyense anaima patali.

Mayi uja anatisonkhanitsa pansi pa mtengo n'kulankhula Chichewa chomveka bwino. Anati, "Minofu ikamagwira ntchito imatulutsa kamagetsi kochepa zedi. Timawayati sitilowetsa kanthu m'thupi, timangomvetsera. Mnofu ukalimbika, mzere umakwera pa kompyuta. Ukapuma, mzere umatsika. Tikufuna tione kuti msana ukuvutika pati, usanavulale."

Ine, pokhala munthu wopupuluma chibadwire, ndinayamba ndine. Anandipititsa m'kachipinda kosungiramo sikelo. Anandimeta ubweya wa kumsana ndi lezala, kupukuta ndi thonje la sipiriti wozizira, n'kumata tizigamba tozungulira mbali ziwiri za fupa la msana, pamwamba pa chiuno. Timawaya tinachoka pa tizigambato n'kulowa m'kabokosi kamene anandimangirira pa lamba. Kenako anandiuza kuti ndikagwire ntchito monga mwa masiku onse, ndisadzionetsere. Ndinadzionetsera ndithu. Thabwa ndinkalikwera chothamanga ngati kuli mtsikana akundiona.

Nditamaliza anandionetsa mzere wanga. Thumba likatera pamutu unkadumpha. Pokwera thabwa unkakhala pamwamba ndithu. Koma ndikalitula n'kumabwerera chimanjamanja, unkagwa n'kugona pansi mpaka thumba lina. Mayiyo anati katundu ndi wolemera, khosi ndi mawondo zidzandifunsa tsiku lina, koma msana wanga ukupeza mpata wopuma. Ndinatuluka ndikuuza anzanga kuti makina anditsimikizira kuti ndine chitsulo. Ataona kuti sindinafe, enanso analola.

Alendowo anabwera n'cholinga choyeza osenza okha, poganiza, monga ifenso, kuti ntchito yowawa ndi imeneyo. Tsiku lomaliza mayi uja anafunsa kapitawo za anthu awiri a pa mulu.

"Amenewo ndi akuluakulu athu," anatero kapitawo. "Tinawapumitsa."

"Ndiye ndi amene ndikuwafuna," anatero mayiyo. "Ndiyeze mmodzi wa ntchito yopepuka, kuti ndifanizire ndi osenzawa."

Mkulu winayo anakaniratu, n'kutembenuka. Atsibweni nawo anayesa kuzemba, koma mlendo anali atawapempha atagwada, anthu onse akuona, ndipo mkulu wa mpingo sabweza mlendo chimanjamanja. Ine ndinawonjezera moseka kuti, "Atsibweni, kodi mukuopa timawaya?" Anandiyang'anitsitsa. Kenako anati alowa, koma m'chipindamo mulowe ine ndi mayiyo basi, ndipo chitseko chitsekedwe.

Anamasula mabatani pang'onopang'ono n'kundipatsa malaya kuti ndigwire. Choyamba chimene ndinaona chinali chubu chakale cha njinga, chong'ambidwa m'litali, chokulungidwa m'chiuno mothina mpaka mnofu kutumphuka m'mbali. Atachimasula ndinaona mphini. Zinali mizeremizere, mbali zonse ziwiri za fupa la msana, pamalo enieni pamene ine anandimata tizigamba. Zina zinali zakale, zakuda, zopola. Zina zinali za sabata yomweyo, zikadali zonyowa, mankhwala akuda ali mkati. Munthu amene ankakhala pa bwalo la mpingo kudzudzula Akhristu opita kwa asing'anga anali atatemedwa msana wonse wam'munsi.

Sindinadabwe kwambiri ndi za sing'angazo. Chimene chinandiopsa chinali kuchuluka kwake, chifukwa ndinadziwa kuti munthu ngati atsibweni sangapite kumeneko kambirimbiri chotero pokhapokha ululu utamufika pakhosi.

Mayi uja anaima lezala lili m'manja. Kenako anafunsa motsitsa mawu kuti, "Zayamba liti, bambo?"

"Si kanthu, mwana wanga. Ndi ukalamba."

"Pabala sindingamatepo. Ndifuna malo ena pamwamba pang'ono."

Anafufuza ndi chala mpaka anapeza khungu labwino. Akumata, atsibweni analankhula ndi ine osatembenuka. "Iwe sunaone kanthu."

Anavala malaya pamwamba pa timawaya, n'kubwerera pa mulu, n'kuyambitsa nyimbo ngati palibe chachitika. Ine ndinapempha kapitawo kuti ndipume, ndipo ndinakaima kumbuyo kwa bambo wa kompyuta uja. Ndinali nditaona mzere wanga, choncho ndinkadziwa choyembekezera: kukwera, kenako kugona pansi. Wa atsibweni sunagone. Akawerama unkakwera, akazunguza thumba unkadumpha mpaka pamwamba, ndipo usanatsike n'komwe munthu wina anali ataima kale kutsogolo kwawo, mutu uli tcheru kudikira thumba. Mzere wa mbali imodzi ya msana unkakwera kuposa wa mbali inayo, chifukwa zaka zonsezo ankaponyera thumba kudzanja limodzi. Bambo wamagalasi anaganiza kuti waya wasokonekera. Anaimitsa ntchito, anakaona, anapeza zonse zili bwino. Anabwerera pampando wake.

Dzuwa lisanafike pamutu anatiitana, ine ndi atsibweni, kuseri kwa depoti. Mayi uja sanazungulire.

"Bambo, ntchito yolemetsa msana pamalo pano ndi yanuyi. Osenzawa aliyense amanyamula thumba lake n'kukapuma pobwerera. Inu mumawerama pa thumba la aliyense, mukulikweza kuchokera pansi, thupi litapindika. Minofu yanu inatopa kale m'mawa, panopa ikungokakamira. Ine si dokotala wochiza, ndipo makinawa sanena tsiku. Koma msana uwu uli pangozi."

Anati pa mulu anthu azisinthana, osati kusiyira awiri okha tsiku lonse. Anati matumba aziikidwa pa thandala lofika m'chiuno, kuti munthu asamawerame mpaka pansi. Anati atsibweni apite kuchipatala asanachedwe.

Atsibweni anamvetsera zonse manja ali kumbuyo. Kenako anafunsa kuti, "Ndiye mukuti ndibwerere pamzere ndi ana awa?"

"Ndikuti musinthane, bambo."

"Zikomo kwambiri, mwana wanga. Mwayenda ulendo wautali." Anamugwira chanza ndi manja awiri, n'kubwerera pa mulu.

Akuti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo ine ndinkaganiza kuti anzanga akamva adzasintha tsiku lomwelo. Ndinawasonkhanitsa pachakudya n'kuwafotokozera za mzere uja, osatchula za mphini. Ndinawauza kuti ulemu wathuwu ukupha akuluakulu. Sindinayembekezere kuti andikwiyira. Mnzanga amene tinkadyera mbale imodzi anati, "Ukufuna atsibweni ako akwere thabwa, thumba lili pamutu wa imvi, ife tikuonerera? Odutsa mumsewu adzati pa depoti ino pali ana a ndani?" Mkulu winayo, mnzawo wa atsibweni pa mulu, anati mnyamatayu akusirira malo athu, wangosowa ponenera. Ndinapsa mtima, ndinataya ndiwo, ndinatukwana munthu wamkulu kwa ine. Zimenezo sizinathandize msana wa munthu aliyense.

Thandala tinamanga, la mitengo ya bulugamu, kapitawo atatilola monyinyirika. Linagwira ntchito masabata angapo. Koma malole akachuluka, ngolo ndi njinga zikubwera ndi matumba mbali zonse, palibe amene ankasamala za thandala, aliyense ankangotula pansi pamene wafikira. Mvula itayamba mitengo ija inaola m'munsi, ndipo amayi ogulitsa tiyi anatimalizira poisandutsa nkhuni. Alendo aja anatumiza chithunzi cha munthu wopinda mawondo bwinobwino akunyamula kabokosi. Tinachimata pakhoma. Kabokosiko, kuti kakhale thumba la soya, kanafunika kudya zaka zambiri.

Ndinayesa njira zanga. Ikafika nthawi yanga yolandira thumba ndinkanjuta kwambiri kuti atsibweni asaliponye patali. Anzanga ankati ndikugwadira thumba ngati mkamwini kwa apongozi. Tsiku lina ndinakaima pa mulu m'mawa iwo asanafike, n'kunena kuti ndikufuna kuphunzira. Atafika sanakweze mawu. Anangoima pambali panga, chete, mpaka manyazi anandichotsa okha.

Madzulo ena tikukankha njinga pa chitunda, ndinalephera kudzigwira.

"Atsibweni, mukapanda kusiya, ndikauza mayi. Ndikauzanso abusa za zimene ndinaona kumsana kwanu."

Anaima. Ndinkayembekezera mbama, ngakhale ndinali bambo wa ana.

"Ukanene," anatero. "Mlongo wanga alira, abusa andiimitsa, msana ukhala womwewu." Anayamba kuyenda, kenako anaimanso. "Iwe, ine ndasenza kuyambira ndili mnyamata. Fodya ndasenza, feteleza ndasenza, simenti ndasenza. Palibe anandiuzapo zikomo. Malo aja ndi chinthu chokhacho chimene anthu anandipatsa ndisanapemphe. Ndiye ukufuna ndikawabwezere chifukwa cha mzere wa pa kompyuta?"

"Ndikufuna muziyenda ndi miyendo yanu."

"Ndikuyenda."

Sindinauze mayi, sindinauze abusa. Ndinkangowayang'ana tsiku ndi tsiku. Ndinaphunzira kuona zimene kale sindinkaziona: mmene ankagwirira khoma podzuka pachakudya, mmene nyimbo inkadukira pakati thumba likakhala m'mwamba, mmene ankakwerera njinga mochita kuigoneka kaye. Mzere uja unali utalowa m'mutu mwanga. Akawerama ndinkauona ukukwera, ndipo mtima wanga unkakwera nawo. Ndinali ndi mantha, ndiponso ndinali wokwiya ndi aliyense: anzanga, alendo amene anationetsa ngozi n'kukwera galimoto, ndi atsibweni eni ake.

Zinachitika nyengo yokolola yotsatira, m'mawa, lole yoyamba isanafike. Atsibweni sanali kunyamula thumba. Singano yosokera matumba inawagwa m'manja, ndipo anawerama kuti aitole. Anakhala chiweramire. Ndinamva akundiitana ndi mawu wamba, ngati akufuna ndiwapatse madzi.

"Iwe, tabwera."

Nditafika nkhope yawo inali thukuta lokhalokha. Anati mwendo wakumanzere sakuumva. Tinawagoneka pa lona, ndipo ife osenza, amene tinalumbira kuti mkulu sadzavutikanso pamaso pathu, tinawanyamula anayi mpaka pamsewu kukaimitsa minibasi. Kuchipatala anati kanyama kokhala pakati pa mafupa a msana katuluka n'kupana mtsempha wopita kumwendo. Anamwino anaziona mphini. Abusa atabwera kudzawapempherera anawapeza atagona chafufumimba, msana uli poyera, naonso anaziona. Palibe ananenapo kanthu. Chinsinsi chimene anachisunga ndi mabatani zaka zonsezo chinapezeka kuti chinalibe wochifuna.

Sabata isanathe anyamata anasankha mkulu wina wa imvi, anapita kwa iye zipewa zili m'manja, ndipo anakana kaye, kenako anavomera. Thobwa la tsiku limenelo sindinamwe.

Atsibweni anabwerera kumudzi. Amayenda ndi ndodo, mwendo umodzi akuukoka. Kwathu kulibe njira yathyathyathya, kulikonse ndi chitunda kapena chitsetse, choncho dziko lawo linatsala khonde ndi bwalo la nyumba. Tchalitchi chili kutsidya kwa chigwa. Belu amalimva Lamulungu lililonse, ndipo amavala jekete n'kukhala pampando pakhonde mpaka anthu ataweruka.

Ine ndinapitiriza kusenza, chifukwa ntchito ina sindiidziwa. Zaka zapita. Mawondo aja mayi wa timawaya ananena ayamba kundifunsadi. Chaka chatha ndinaterereka pa thabwa thumba lili pamutu, ndipo ndinapulumuka chifukwa mnyamata wa kumbuyo kwanga anandigwira lamba. Ndinkameta mpala kuti imvi zisaoneke, koma ndevu zinandiulula.

Chaka chino, malole oyamba a soya atayamba kubwera, ndinaona anyamata akunong'onezana pansi pa mtengo uja. Kenako anabwera, zipewa zili m'manja. Ambiri mwa iwo anali asanayambe ntchito pamene atsibweni ankavulala.

"Bambo, mwatisenzera mokwanira. Kaimeni pa mulu."

Ndinakana. Ndinawakhazika pansi n'kuwafotokozera zonse: za alendo, za timawaya, za mzere umene sunkagona, za singano. Ndinawauza kuti pa mulu ndi pamene pamathyola msana, ndipo ngati amandikonda tizisinthana tonse. Anamvetsera mwaulemu, akugwedeza mitu, ena akumwetulira. Ndinazindikira mochedwa chimene ankamwetulira. Mkulu aliyense amayamba wakana, ndipo iwo ankangoona kuti ine ndakana mwaluso kuposa onse. Nditamaliza, wamkulu wawo anati, "Tamva, bambo, ndinu odzichepetsa. Koma ife tagwirizana kale." Kumbuyo kwake mayi wa thobwa anali atatula kale ndowa.

Ndikanatha kukakamira. Koma thabwa lija ndinali nditayamba kuliopa, ndipo kapitawo anali atandiuza pambali kuti sakufuna maliro pa lole. Panatsala mulu kapena kumudzi. Ndinalandira chikho ndi manja awiri. Chimene chimandivutitsa mpaka lero n'chakuti anyamatawo atawomba m'manja, pansi pa mantha onsewo, mtima wanga unakoma.

Loweruka lotsatira ndinakwera kumapiri kukaona atsibweni. Ndinawapeza pakhonde akusenda chimanga ndi chala, ndodo ili pambali. Ndinawauza ndikuyembekezera kuti mwina iwo okha, mwa anthu onse, andiuza kuti ndithawe. Nkhope yawo inawala.

"Akulemekeza," anatero. "Mwana wa mlongo wanga waima pa mulu."

Anaitana akazi awo kuti abwere adzamve. Kenako anawatuma m'nyumba kukatenga kanthu kena pansi pa mphasa. Mayiwo anatuluka atanyamula chubu cha njinga chija, chokulungidwa bwinobwino, n'kuchipereka akuyang'ana kumbali. Atsibweni anachiika m'manja mwanga n'kutseka zala zanga ndi zawo.

"Uzimanga m'mawa, usanayambe kumva kuwawa," anatero. "Ine ndinachedwa kuyamba."

Ndinachiika m'thumba la jekete n'kutsika phiri. Panopa nyimbo ndimayambitsa ndine, pachakudya ndimayamba kusamba m'manja ndine, ndipo ndimagwira ntchito nditavala malaya, mabatani onse otseka. Anyamata amati ndi ulemu.